Mbatatesi Inaloza Njira

Cosmas Ngozo anakumbapo miyala ku Joni, anayendetsapo thiraki mpaka ku Beira, ndipo tsopano ku Bwanje kunalibe foni yomwe sinatchajidwepo pa shopu yake. Choncho mwana wake Tisunge, mphunzitsi wa sayansi, atapempha magetsi a pa mpikisano wa sukulu ku boma, mkuluyo ananyamula mabatire a njinga zamoto, nawalumikiza yekha.

"Magetsi ndi ine, mayi! Ndinayatsapo nyali pansi pa dziko!"

Tisunge anali atafinya DNA m'masamba a mpunga, tiulusi tosunga mtundu wa mbewu. Anafuna kuonetsa kuti magetsi amatiyendetsa. Akapambana, sukulu yake ikalandira zipangizo za labu, ana n'kusiya kuphunzira sayansi ya pa bolodi. Anadontheza DNA m'kabowo ka kumapeto kwa jele, phala lolimba loonekera mkati, nalumikiza magetsi, nadikira, nathira mankhwala a buluu oionetsa. Jeleyo anangoti mbee!

"Ababa, waya wa pulasi ndi uti?"

Cosmas anakanda dazi. Mawaya onse anali akuda, odula ku wailesi yakufa, ndipo zizindikiro za pa mabatire zinafufutika kalekale ndi kupalapala.

"Aaa, babu sasankha waya."

"Babu sasankha, koma DNA imasankha! Ili ndi mphamvu ya mainasi. Imathawa mainasi mnzake n'kuthamangira ku pulasi. Mwaika pulasi kumbuyo kwake, ndiye yatulukira komweko. Kadontho katsala kamodzi, oweruza abwera akatha kudya."

Cosmas anathamangira pa chiwaya cha tchipisi kunja kwa mpanda, nabwera ndi mbatatesi yaiwisi. Anaidula, nabayamo mawaya onse awiri. Mphunzitsi wa tebulo loyandikana anaseka.

"Achimwene, mukufuna kukazinga?"

"Khalani pompo muone za ku Joni!"

Pang'ono ndi pang'ono, pamene panabaya waya mmodzi panayamba kubiriwira.

"Wobiriwitsa ndiye pulasi. Tembenuza mawaya, mayi!"

Tisunge anatembenuza mawaya, nadontheza kotsalako. Oweruza atafika anapeza mzere wa buluu uli waa, kuchoka pa kabowo kuloza ku pulasi. Anafunsa, Tisunge anayankha osapunthwa, ndipo madzulo dzina la sukulu yake linatchulidwa poyamba.

Cosmas anakwera pa benchi, mbatatesi m'mwamba.

"Mwana ndi wanga, mabatire ndi anga! Nayonso DNA ikasochera, njira imafunsa kwa Ngozo!"

"Nanga anaisocheretsa ndani, ababa?"

"Usandisokoneze, mayi, anthu akuomba m'manja!"