Mazira a Nkhanga M'kabokosi ka a Lorenso

Kamakina ka amuna anga a Lorenso kanafika patatha zaka ziwiri. Anyamata ena a m'tauni analengeza pa intaneti kuti akupanga chofungatira mazira choyendera dzuwa, anthu angosonkha, pakatha miyezi itatu aliyense alandira chake. A Lorenso anasonkha. Kuyambira pamenepo inali nyimbo: mawaya achedwa, mawa, mwezi wamawa.

Tsiku lomwe anakatenga ku Bangula ndinapsa mtima nditangokaona. Pulasitiki yopyapyala ngati beseni la pamsika, chivundikiro chosatsekeka, batani limodzi litagwera kale m'kati.

"Chimenechi ndiye mwadikira zaka ziwiri?" ndinafunsa.

"Za sayansi simungazimve, amake Praise."

Sayansi yanga ine ndi ya malemu amayi: nkhanga sikhalira bwino mazira, ndiye timaikira nkhuku. Thadzi langa linali litakhalira mazira khumi ndi asanu kwa masabata atatu. Anali omaliza, chifukwa nkhanga yotsala mwa zomwe amayi anandisiyira inali itagwidwa ndi agalu. Ndinawauza a Lorenso kuti asayerekeze kukhudza.

Lachisanu ndinapita kumaliro kwa Mbenje, ndinagonako masiku atatu. Ndili komweko a Lorenso, munthu wamkulu, ndevu pepeya, anathamangitsa nkhuku pachisa, n'kuika mazira onse m'kabokosi kawo pakhonde, pansi pa malata. Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa silifuna wothandiza. Kafani ka m'kati kanaima tsiku loyamba lomwelo, guluu wogwira choyezera kutentha anasungunuka, koma kagalasi ka pamwamba kankangosonyeza 37, nambala ya kutentha koyenera.

Pobwera ndinapeza thadzi likuzungulira chisa chopanda kanthu. Chivundikiro chinali chitapindika, ndipo nditachigwira chinandiotcha.

"Nambala ili bwinobwino," anatero a Lorenso. "Mawa kapena mkuja aswa."

"Manyazi mulibe, bambo inu? Ikani dzanja lanu m'menemo ngati ili bwinobwino."

Sanaike. Ndinatenga dzira limodzi, ndinaliika pakhutu: zii. Ndinaliswa iwo akuona. Kamwana kanali kathunthu, timizere ta pamutu tikuoneka, mlomo utafika kale pachigoba. Kanali katapsa.

"Ndiwalembera anyamatawo, atitumizira kena," anatero akuyang'ana pansi.

Mtima unali ukundiwawa kwambiri. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuswa enawo limodzilimodzi, ndikuti mwina limodzi lapulumuka. A Lorenso anadzuka n'kuchokapo ndili pa lachisanu. Ine ndinaswa mpaka lomaliza.