Phewa la a Nanyoni

Sabata yonse ija Ndaziona sankapeza mtendere. Sikuti ankadwala, ayi. Mtima wokha ndi umene unkangoti phaphapha ngati wa munthu amene wasiya mbaula yoyaka m'nyumba, chikhalirecho ntchito anali ataimaliza, ndipo inali yokongola mochititsa kaso.

Ndaziona anali ndi kashopu ka zithunzi pa Lunzu, kuseri kwa ogulitsa matayala. Anthu ankabwera kudzajambulitsa za pachiphaso, ena kudzayeretsa nkhope, ena kuti awaimike pafupi ndi galimoto yomwe sanaikwerepo chibadwire. Zimenezo zinali zongodyerapo. Luso lake lenileni linkatuluka akavala mahedifoni. Nyimbo ikamulowa m'mutu, ankatenga mtambo wa pachithunzi ichi, mlambe wa pachithunzi icho, madzi a Shire omwe anajambula yekha pa Zalewa, n'kuziluka pakompyuta mpaka nyimbo ija ioneke ndi maso.

Tsono kunabwera ntchito ya pachibale, ndipo ntchito ya pachibale mukuidziwa, siibwera yokha. Banja linagwirizana zomanga chiliza cha a Gwaza, agogo ake aamuna, kwawo ku Lisungwi. Ankafuna chithunzi chachikulu choti akachipachike pamtengo tsiku la mwambo, Loweruka. A Gwaza anali osaona, ndipo ankaimba bangwe m'misika. Anamwalira Ndaziona akuyamwa. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha padziko lino: ataima pakhoma la msika, bangwe ali pachifuwa, dzanja lamanzere lili paphewa la mayi wamfupi wovala duku. Mayiyo anali a Nanyoni, mkazi wawo wachiwiri, amene ankawatsogolera njira ndi kuwavomera nyimbo. A Nanyoniwo akadali moyo, m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, opanda mwana, opanda wowacheukira.

Chithunzicho anabwera nacho ndi mayi ake a Ndaziona, mayi Esinta, atachimangirira m'mpango. Anachiika patebulo n'kuloza ndi chikhadabo.

"Uyu umuchotse."

"Amayi, koma dzanja la agogo lili paphewa pawo."

"Ndiye chikuvuta n'chiyani? Suja unabisa mimba ya mkwatibwi wa ku Matindi uja, mpaka abusa kuyamikira chiuno? Phewa lokha likukanike? Mkazi ameneyu anatilanda bambo tili ana. Ife tikudya madeya, iye akuzungulira nawo m'misika, kudya kanyenya. Pachiliza cha bambo anga nkhope yake isaonekepo. Wamva?"

Musafulumire kuwaweruza mayi Esinta. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsiku limene bambo awo ananyamula bangwe n'kutuluka, ndipo ndi iwo amene anawathamangira mpaka pamtsinje akulira kuti ababa, ababa, koma osacheukidwa. Bala lotero silipola ndi ukalamba.

Ndaziona anaigwira ntchitoyo masiku atatu. Anayambira duku, n'kutsikira kunkhope, kenako chitenje, kufufuta pang'onopang'ono. Pamene panali munthu anamatapo njerwa zokopera mbali ina ya khoma lomwelo. Chinamuvuta ndi dzanja, poti linatsala lili lende m'malere. Analidula pachigongono, n'kulitsitsa, n'kuligwiritsa ndodo yosema bwino imene anaitenga pachithunzi cha mkulu wina wobwera kudzajambulitsa. Kumwamba anaikako mbalame ndi phiri, ndipo mawaya a bangwe anawatalikitsa mpaka anasanduka kuwala kwa dzuwa. Ha, chinali chinthu!

Nthawi yonseyi m'makutu mwake munkalira nyimbo ya agogo akewo, ya pakaseti yakale imene amalume ake anaisamutsira mufoni. A Gwaza ankatsogola ndi mawu okhuthala:

"Njira ya kwathu njaminga, mayi!"

Mawu achikazi opyapyala n'kuvomera:

"Pondani pomwe ndaponda."

Tinene zoona, Ndaziona ankadziwa bwino lomwe mwini wa mawu amenewo. Akamafika, chala chake chinkatsitsa voliyumu chokha, n'kuikwezanso akadutsa.

Lachinayi masana magetsi anazima. Kunja kunali dzuwa la Okutobala, lija loswa mtengo, ndipo malata a kashopu ankangoti thethethe. Ndaziona anatsamiritsa mutu patebulo kuti adikire, tulo n'kumuba.

Anapezeka ali pamsika, koma msika wopanda munthu. Tomato anali m'milumilu pamabenchi, usipa uli pamasaka, fungo lake likumveka, koma panalibe ngakhale ntchentche imodzi. Fumbi linali lozizira kumapazi. Atayang'ana kumwamba anazindikira mbalame zake zija, zitatambasula mapiko koma zosauluka, zitangomatika pomwe iye anazimata. Pakhoma panaima bambo wamtali wa jekete lotuwa. Ankanunkhira utsi ndi fodya wopera.

Bamboyo anakhwatcha bangwe kamodzi, mawaya n'kunjenjemera mpaka m'mano mwa Ndaziona.

"Njira ya kwathu njaminga, mayi!"

Zii.

Anapendeketsa khutu kumanzere, kudikira. Anaimbanso. Zii. Kachitatu mawu anawathera pakhosi, ndipo chete amene anatsatira anali wolemera moti Ndaziona ankamva magazi ake akuyenda m'makutu. Apo mkuluyo anayamba kupapasa ndodo imene inali m'dzanja lake, kuyambira kumutu mpaka pakati, ngati munthu wopapasa chinthu chimene wachitola mumdima.

"Ndiwe wa Esinta?"

"Eya, agogo."

"Ndodo iyi njayani?"

Ndaziona anaiyang'ana ndodoyo n'kuizindikira.

"Ndodo siinena kuti apa pali dzenje," anatero a Gwaza, motsitsa. "Ndodo siinandisambitse pamene ndinkadziipitsira pamphasa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinayenda ndi maso a munthu uja. Iwe wawakolowola masiku atatu."

"Anandituma ndi amayi, agogo."

"Wolakwira amako ndine. Mlandu wanga usausenzetse wina. Bweza phewa. Ukandiimika ndekha pamanda paja ndisochera, ndipo wosochera amagogoda khomo lililonse. Ndidzayambira lako."

Anataya ndodo ija, ndipo inagwa popanda phokoso. Anaponya phazi kutsogolo, dzanja likufufuza m'malere, likufufuza, mpaka linatera paphewa la Ndaziona. Linali lozizira ngati mwala wa pamtsinje, ndipo linalemera, linalemera.

Anadzidzimuka fani itayamba kuzungulira. Magetsi anali atayaka. Bulauzi inali itanyowa ndi thukuta, phewa lakumanja lili dzanzi.

Sanafunse munthu. Anayatsa kompyuta, n'kutsegula chithunzi choyamba chija momwe chinalili asanachikhudze, n'kuchiika pambali pa chokonzedwa chija. Pa chokonzedwacho anabwezeretsa a Nanyoni, anachotsa njerwa zabodza, anachotsa ndodo ya eni ake, dzanja n'kulibwezera pomwe linali. Pokuza nkhope ya a Nanyoni kuti akonze m'mphepete, m'pamene anaiyang'ana koyamba ngati nkhope ya munthu. Anali ndi mphini ziwiri patsaya, maso ali pansi kuyang'ana poponda, kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Kani wojambula uja anawapeza ali pakati pa nyimbo. Ndaziona anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Mbalame, phiri ndi kuwala anazisiya momwemo, ndipo madzulo omwewo anakapulintitsa chithunzicho pansalu yaikulu.

Lachisanu m'mawa mayi Esinta anatulukira atavala kale chitenje cha yunifolomu ya mwambo, chikwama chili m'khwapa, akuthamangira minibasi. Ndaziona anatambasula nsalu ija pansi.

Mayiwo anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani?"

"Amayi, ndinawachotsa. Mulungu ndi mboni, ndinawachotsa bwinobwino. Koma dzulo agogo anandibwerera kutulo."

"Iwe! Ukufuna undipusitse ndi maloto ngati ndine mwana? Wakunyengerera ndani? Amalume ako?"

"Palibe, amayi. Anavala jekete lotuwa. Amanunkhira fodya wopera. Akamadikira kuvomeredwa amapendeketsa khutu chonchi."

Anapendeketsa mutu kumanzere monga anaonera. Mayi Esinta anakhala pansi pabenchi mwadzidzidzi, chikwama n'kugwera pasimenti. Kapendekedwe kameneko sikanali pachithunzi, sikanali pakaseti, ndipo panalibe anamuuzapo mwanayu.

"Anati chiyani?" anafunsa, mawu atasasa.

Ndaziona anafotokoza zonse, za ndodo, za maso, za khomo. Ananenanso kuti agogo avomera okha kuti wolakwa ndi iwo. Ankayembekeza kuti mwina mawu amenewo awafewetsa mtima mayi ake. Koma iwo anangoseka, kuseka kouma kopanda mano.

"Avomera kwa iwe. Kwa iwe, amene sunagonepo ndi njala chifukwa cha iwo! Ine ndi amene ndathamanga ndi simenti, ine ndi amene ndafulula thobwa migolo iwiri, miyendo yatupa iyi. Zaka zonsezi ndimagona n'kumati mwina lero abwera, andiuze kanthu, ngakhale kundikalipira kumene. Osabwera. Lero akuti adzuka kumanda, ulendo wonsewo, kudzadandaulira phewa la mkazi!"

Misozi inatsika koma sanaipukute. Kunja kondakitala ankakuwa kuti Zalewa, Mwanza, wotsala mmodzi. Ndaziona anagwada pafupi nawo, osadziwa poika manja.

"Mukafuna ndisapite nacho, amayi. Koma kuwachotsanso, pepani, sindingathe."

"Usapite nacho kuti azikagogoda pakhomo pako? Ndakubereka ndekha iwe."

Anaimirira, n'kuyamba kukulunga nsalu ija okha, mwaukali, kuyambira mbali ya a Nanyoni kuti nkhopeyo ilowe m'kati msanga. Anaimanga ndi mpango n'kuipana m'khwapa.

"Tikachipachika. Mkaziyo ukamutenge wekha kunyumba kwake, umukhazike pomwe ukufuna. Ine moni wanga sadzaumva, ndipo usadzandikakamize."

"Chabwino, amayi."

Anafika pakhomo, n'kuima. Sanatembenuke. Ankayang'ana kumsewu, ndipo pamene anayankhula, mawu awo anali aang'ono, osakhala a mayi wa zidzukulu.

"Za ine sanafunseko? Kuti kaya Esinta ali bwanji?"

Ndaziona ankadziwa kukonza zinthu. Ntchito yake inali yomweyo, kuika pachithunzi chimene panalibe, munthu n'kupita kwawo akusekerera. Mawu awiri okha akanakwana, ndipo palibe akanamutsutsa. Koma phewa linali likadali dzanzi.

"Ayi, amayi. Anangofunsa ngati ndili wanu."

Mayi Esinta anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakonza nsalu ija m'khwapa kuti isakhwinyate, n'kuwoloka msewu kukakwera minibasi.