Kupepuza Foni ya Bambo

Foni ya bambo itasiya kulankhula, aliyense m'nyumba anayang'ana ine, ngati kuti kugwira ntchito ya makompyuta ndi mlandu.

Chichitireni khungu, bambo amamvera nkhani za pa intaneti pa kafoni kawo kakale kosweka pakona. Pulogalamu yowawerengera mokweza imadalira kalaibulale, kapulogalamu kothandizira mapulogalamu ena, komwe timasamalira kuntchito kwathu. Kamatenga tsamba la pa intaneti, n'kuchotsa zotsatsa malonda ndi zinyalala zina, n'kusiya nkhani yokhayokha. Koma kalaibulaleko kanali katanenepa ndi za eni. Aliyense amene anakagwirapo, akafuna kanthu kakang'ono ankangobwereka pulogalamu ya munthu wina n'kuimatika pomwepo. Zobwerekazo nazo zimabwera ndi abale awo, ngati mlendo woitanidwa yekha amene wafika ndi banja lonse. Mapeto ake pulogalamu inakula mpaka kafoni ka bambo kanati malo atha.

Achimwene anati tingogula foni ina. Bambo anakanitsitsa. Zala zawo zinazolowera mabatani a yakaleyo, ndipo anati sangayambirenso sukulu ndi imvi. Ankangokhala pampando wa pawindo, foni ili pamwendo. Zinkandiwawa, ndisaname.

Ndiye ndinayamba kudula. Ndinapeza chipulogalamu chodziwa makalendala a dziko lonse lapansi, pomwe ife tinkangofuna deti la nkhani basi. Ndinachichotsa n'kulemba mizere yochepa m'malo mwake. China ntchito yake inali yongofufuta mipata kumapeto kwa mawu, koma chinadza ndi adzukulu ake omwe. Mnzanga wa desiki yoyandikana ndi yanga ananditcha Chikwanje, ndipo ndikangokhudza kiyibodi ankabisa kapu yake ya tiyi kuti ndingaidulenso.

Chotsiriza chinali chachikulu kuposa zonse, chija chosankha kuti ichi n'chotsatsa malonda, ichi ndi nkhani. Mwini wake anachitaya kalekale. Ndinalemba changa chachifupi, ngakhale mnzangayo anandichenjeza kuti chizilowetsa zinyalala.

Loweruka m'mawa ndinaika pulogalamu yopepukayo mu foni ya bambo, mtima uli m'mwamba. Inalowa. Mawu a m'mphuno a pulogalamuyo anayamba kuwerenga nkhani ya msonkho, ndipo bambo anakhala tsonga. Koma nkhani itatha, foni sinasiye. Inapitiriza ndi kabokosi ka m'mbali mwa tsamba, konena kuti madalaivala a sitima opuma ntchito amakumana Lamlungu lililonse masana mu holo ya kuseri kwa siteshoni.

Ndinapsa mtima. Mnzanga uja ananena zoona, ndipo ndinkamumva kale akuseka. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge foniyo ndikakonze, koma bambo anandigwira pamkono.

"Ibwereze," anatero.

Ndinaibwereza. Bambo anayendetsa sitima moyo wawo wonse, ndipo ankaganiza kuti anzawo onse anamwalira kapena anawaiwala. Chikhalirecho kabokosiko kanalipo zaka zonsezi, kungoti chipulogalamu chobwereka chija chinkakayesa malonda n'kumakataya.

Ndinawauza kuti kumeneko n'kulakwitsa kwa pulogalamu yanga, sikuti ndinachita dala.

"Kulakwitsa kumeneko usakukhudze, mwana wanga," anatero, akupapasa ndodo yawo pansi pa mpando. "Lamlungu ndi mawa. Undisitire jekete lija."