Mabowo Awiri M'khoko Lililonse

Gavin Truscott anatha masiku atatu akupukuta makoko a zipolopolo m'shedi yometera nkhosa. Analipo mazana atatu, akale a asilikali, ndipo anawapeza m'chitini atagula famu yake. Nguluwe zinkamudyera ana a nkhosa, choncho ankafuna kuphunzira kuthiranso yekha wonga m'makoko, m'malo moyenda maola awiri kukagula zipolopolo ku tauni ya Cobar. Pofika tsiku lachinayi zala zinali zitachita matuza, msana ukukana kuwongoka, koma mkuwa unkawala.

Merv wa famu yoyandikana nayo, yemwe anakalambira pa ntchito yothira wonga m'makoko, anatola khoko limodzi n'kuunika m'kati ndi tochi.

"Koma unasuzumiramo, mphwanga?"

"Ine ndimapukuta kunjaku," anayankha Gavin.

"Taona pansipo, mabowo ndi awiri. Makina ako othirira wongawa amalowetsa singano pa bowo limodzi lapakati kuti achotse kachitsulo kakale koyatsira wonga. Apa singanoyo ingothyoka basi."

Gavin anakhala pa belo la ubweya, akuyang'ana zala zake. Mphamvu zokwiyira analibe.

"Onsewa?"

"Onse ndi otaya," anatero Merv, akubwezera khoko lija m'chitini. "Koma kupukuta kokha umatha. Ukapuma ubwere, galimoto yanga yada ndi fumbi."