Diresi la Mabatani Kutsogolo

Magdalene anatsimikiza zofuna diresi lina tsiku limene anayamwitsira mwana kuseri kwa chimbudzi cha tchalitchi. Mapemphero anali mkati pamene mwanayo, Dingani, anayamba kulira kwake kuja kong'amba makutu. Diresi limene mayiyu anavala linali la zipi kumsana, lothina pakhosi, moti bere silikanatuluka popanda kuvula mpaka m'chiuno. Anatuluka panja n'kuyang'ana pobisala, koma malo anali amodzi okha. Kumeneko madzi a mvula anali atasakanikirana ndi zina zimene sanafune kuziyang'anitsitsa. Anaima chilili, msana uli pamtunda, dzanja lina lagwira mwana, lina likuingitsa ntchentche zobiriwira zimene zinkanyamuka pansipo n'kudzatera patsaya la Dingani. Tsiku lonse malovu ankangodzaza m'kamwa.

Kutsogolo kunali ukwati wa mlongo wake wamng'ono, Moven, ku Matero. Makolo awo anamwalira kalekale, kuphatikizapo bambo awo amene anabwera kuchokera ku Dedza akadali mnyamata, kotero Magdalene ndiye anayenera kukhala pa mpando wa mayi wa mkwati. Akuchikazi anali anthu a m'mayadi, a magalimoto awo. Sakanapita atangomanga chitenje ndi bulauzi ngati wopita kukatunga madzi, komanso sakanatha tsiku lonse akuthawira kuseri kwa zimbudzi za holo. Ankafuna diresi laulemu, lotseguka kutsogolo.

Zaka zimenezo ku Kanyama zinthu zinali zitathina. Mwamuna wake, Cephas, anachotsedwa ntchito pamene fakitale yosoka zovala inatsekedwa, ndipo tsopano ankagulitsa fodya ndi maswiti pakathebulo m'mbali mwa msewu. Telala wa mumzere mwawo anali atagulitsa makina ake n'kuyamba malasha. Chotsala chinali salaula basi, zovala zakale za anthu akunja zobwera m'mabelo, zomwezo zimene zinatseketsa fakitale ya Cephas.

Anapita kumsika Dingani ali kumsana. Mvula inali itagwa m'mawa, ndipo anthu ankadumpha pa njerwa zoyalidwa m'matope akuda onunkha ngati mazira owola. Pamulu woyamba anapisa dzanja n'kutulutsa diresi lofiira lokongola, koma m'khwapa munali chikasu chouma gwa, thukuta la munthu wosamudziwa. Lina linali ndi tsitsi lalitali lomatirira pakolala. Lina linali ndi banga kumbuyo limene mkazi aliyense akanalizindikira. Onse ankanunkha mankhwala opopera m'mabelo, fungo lolowa mpaka m'mano. Ndipo pafupifupi onse anali a zipi kumsana, ngati kuti kumene anachokerako akazi sabereka.

Pamulu wachinayi kapena wachisanu mwini wake anali bambo wamimba dzina lake Goliati, amene ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Mufuna va bwanji, amai?"

"La mabatani kutsogolo. Ndikuyamwitsa."

Goliati anatsitsa maso pachifuwa pake, pamene mkaka unali utadontha n'kunyowetsa bulauzi, ndipo sanawachotsepo.

"Naona, naona. Adya bwino mwana uyu." Ananyambita milomo. "Ili apa, yesani. Vulani chabe pamene apa, ise tinajaila."

Anyamata a pamulu woyandikana anaseka. Magdalene anaponya pansi diresi limene anamupatsa, n'kupukuta dzanja pachitenje kawirikawiri. Anachoka osagula kanthu, msana ukumuyabwa chifukwa cha maso a bambo uja.

Akulowa mumzere wakwawo anamva wina akumuitana. Anali ba Felistus, mayi wogulitsa mowa kunyumba kwake, amene anali atangobwera kuchokera kumaliro a mlongo wawo ku komboni ya George.

"Ba Magdalene, namvela mufuna diresi ya ukwati. Nanga simukamba? Ngenani muone."

M'nyumbamo munali modzaza moti munthu ankayenda chammbali. Matiresi anali ataimikidwa kukhoma, mapoto ali m'thumba, wailesi ili pamwamba pa mpando. Ba Felistus anatsegula sutikesi n'kutulutsa diresi lobiriwira ngati tsamba la mpiru, lalitali, la manja ofika m'zigongono, mabatani oyera atandandalika kuchokera pakhosi mpaka pamchombo. Magdalene analilandira. Analiyesa kuseri kwa katani ndipo linamukhala ngati anachita kumuyeza.

"Iyi si salaula iyai," anatero ba Felistus. "Inachoka ku Joni. Munzanga ndiye analeta."

Magdalene analinunkhiza. Silinkamveka mankhwala a m'belo. Linkamveka utsi wa mbaula ndi kafungo kena kowawasa kamene ankakadziwa bwino. Atalitembenuza anapeza mkati mwa chifuwa muli mabanga awiri ouma, ndipo batani lachitatu linali losiyana pang'ono ndi anzake.

"Koma ili linavalidwapo ndi woyamwitsa."

"Nanga ku Joni sayamwitsa?" Ba Felistus anaseka mpaka kutsokomola. "Sopo ilipo pa chalo, mwana wanga. Tengani, benangu balifuna."

Anagwirizana mtengo. Cephas anang'ung'udza, koma anapereka zimene anapeza pakathebulo sabata imeneyo. Magdalene analichapa kawiri, n'kuliyanika mkati mwa nyumba kuopa akuba, n'kulisita ndi simbi ya makala.

Tsiku la ukwati zonse zinayamba bwino. M'tchalitchi Dingani atangoyamba kudandaula, mayi ake anamasula mabatani awiri, n'kuphimba ndi kansalu, mwana n'kukhala chete ngakhale m'busa asanatsirize chiganizo. Mayi a mkwatibwi anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, namugwira dzanja ndi manja awiri. Kuholo anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi keke. Kwa nthawi yoyamba chibadwire Dingani, Magdalene anadzimva kuti ndi munthu pakati pa anthu.

Chakudya chitatha, mwana anaipitsa thewera. Anatuluka naye kuseri kwa holo kumene amayi ankatsuka mbale, kuti apemphe madzi. Pakati pawo panali mtsikana wowonda, wometa mpala, atavala sikipa yachimuna yong'ambika paphewa, khanda lili kumsana. Anali atasiya kutsuka. Ankangoyang'ana Magdalene, thovu likudontha m'manja.

"Pepani amai," anatero mtsikanayo atayandikira. "Musakwiye. Iyi diresi munaigula kuti?"

"Kwathu ku Kanyama. Bwanji?"

"Kwa ba Felistus?"

"Mumawadziwa?"

"Ni alamu anga. Ine ndine Lillian, wa ku George. Amuna anga, ba Jameson, ndiwo anamwalira mwezi watha." Analoza ndi chala chonyowa, osakhudza. "Batani iyo yachitatu inataika pa ubatizo wa uyu mwana. Ninachotsa ina pa shati ya ba Jameson n'kusokelapo."

Sanalire pofotokoza. Ankalankhula ngati akunena za mtengo wa tomato. Anati tsiku lotsatira maliro, iye akadali pansi pamene amakhala mkazi wamasiye, abale a mwamuna wake anabwera ndi kalole. Anamuuza kuti anyamuke pamatiresi, n'kuwatulutsa. Anatenga mapoto, wailesi, mbaula, ngakhale chingwe choyanikira anachidula zovala zili pomwepo. Ba Felistus ndiwo analowa kuchipinda n'kutenga sutikesi, akunena kuti zonse zinagulidwa ndi thukuta la mlongo wawo. Diresilo Lillian anali atalivala masiku ochepa mwamuna wake asanagonekedwe kuchipatala, ndipo sanapeze mpata wolichapa.

"Manje nikhala kwa ba deaconess ba ku tchalitchi. Ndiwo ananiitana kuti nitsuke mbale, nitengeko votsala."

Magdalene anayang'ana pachifuwa pake. Tsiku lonse zala zake zinali pa batani limenelo, kulimasula ndi kulimanga, batani la shati ya munthu wakufa, ndipo pakamwa pa Dingani pankakhudza pomwepo. Mabanga aja amene anawapikicha ndi sopo akung'ung'udza za uve wa akazi a ku Joni, anali mkaka wa khanda ili limene linkamuyang'ana ndi maso olowa mkati. Anakumbukira matiresi oimikidwa kukhoma aja, ndi mmene anawakhudzira ndi phewa podutsa. Nsalu inayamba kumuyenda pathupi ngati muli nsabwe. Mpunga ndi nkhuku zimene anadya zinakwera kukhosi, ndipo anangofika pangalande n'kusanza zonse.

Atadzuka anayamba kumasula mabatani pomwepo, amayi otsuka mbale akuyang'ana.

"Iyai amai, valani chabe," anatero Lillian mwamantha. "Munagula na ndalama zanu. Sininakambe kuti munipatse."

"Sindingathe. Likundinyansa pathupi."

"Ni ine nikunyansani?"

"Ayi, mwana wa amayi. Si inu."

Mayi wina anamutchingira ndi nsalu ya pathebulo. Magdalene anavula diresilo, n'kumanga m'khwapa chitenje choberekera mwana, n'kutuma mayi yemweyo kuti akaitane Cephas. Lillian analandira diresi ndi manja awiri koma sanaliyang'ane. Analipinda msangamsanga n'kulibisa pansi pa beseni.

"Kuvala siningavale," anatero. "Bakaniona nayo bazakamba ati ninaba. Nizagulitsa kutali, ku Chawama, nipeze yokwelela basi. Kwathu ni ku Petauke."

Cephas anabwera akupukuta mafuta pakamwa. Ataona mkazi wake mapewa ali pamtunda, nkhope inasintha.

"Iwe, wapenga? Tinagona na tiyi sabata yonse chifukwa cha diresi ija!"

"Vula jekete."

"Magdalene, anthu akujambula zithunzi mkatimu."

"Ndati vula jekete, Cephas. Ndikuuza kunyumba."

Cephas anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mtsikana wometa uja, ndipo anavula jeketeyo.

Magdalene analowanso m'holo atavala jekete lachimuna pamwamba pa chitenje chonunkha mkodzo wa mwana. Mayi a mkwatibwi anakweza nsidze n'kunong'oneza mnzawo. Moven anamufunsa ndi maso, iye anangopukusa mutu. Itafika nthawi yoti mayi wa mkwati avine popereka mphatso, anavina momwemo, manja a jekete akulendewera kupitirira zala, ndipo anthu ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za pa ukwati.

Atabwerera pampando maso ake anagwera pathebulo la alamu ake, Betty ndi Cathrine, alongo a Cephas. Betty ankalowetsa ntchafu za nkhuku m'chikwama, atazikulunga m'kapepala kamene mafuta anali ataboola kale. Cathrine ankathira zotsala za m'mbale za anthu ena m'pulasitiki, mafupa oguguda omwe. Anali akazi amene ankaseka nawo, amene anamuperekeza kuchipatala pokabereka. Koma anakumbukira kuti Betty akabwera kunyumba amakonda kusisita kabati n'kufunsa kuti anagula ndani, iye kapena Cephas. Cathrine atakweza mutu anamumwetulira, milomo ili noninoni, maso ake n'kutsikira ku nsapato za Magdalene n'kukhala kumeneko kanthawi.

Anachoka dzuwa lisanalowe. Atatsika minibasi, Magdalene anakana kudutsa mumzere wa ba Felistus, ngakhale njira inayo inali ya matope ofika m'akakolo. Ali m'njiramo anamufotokozera Cephas zonse. Mwamunayo anamvetsera atanyamula Dingani, akusankha popondera.

"Ni voipa," anatero pomaliza. "Koma ni mwamene vilili masiku ano. Anthu ali na njala."

"Njala ya wailesi?"



Kunyumba Magdalene anatenthetsa madzi pambaula n'kulowa m'bafa la masaka. Anadzikhula ndi mwala pamapewa, pamimba, pansi pa mawere, mpaka khungu linayamba kuwawa. Dingani ankalira m'nyumba koma sanamupatse bere mpaka atatsukanso kachiwiri. Kenako anakhala pakhomo n'kumuyamwitsa, Cephas ali pambali akuchotsa matope ku nsapato ndi kamtengo.

"Cephas."

"Mm."

"Iwe ukadzafa, Betty adzayamba kunyamula chiyani muno?"

Cephas anaseka. "Kabati. Aikonda maningi." Anapitiriza kuseka yekha pang'ono, kenako anaona kuti mkazi wake sakuseka. Anaika nsapato pansi.

"Loweruka ukawaitane onse awiri, Betty ndi Cathrine," anatero Magdalene. "Ubwere ndi abusa. Ukanene pamaso pawo, ukadali ndi mpweya, kuti za m'nyumba muno ndi za Dingani ndi amake."

"Bazakamba ati wanidyetsa mankhwala."

"Anene."

Cephas anakanda kumutu, n'kuyang'ana kumsewu kumene ana ankaponya miyala m'chithaphwi. Anatolanso nsapato ija.

"Loweruka nili pa kathebulo," anatero. "Tiyeni tichite Sande, tikachoka ku tchalitchi."