Wothira Mchere wa Armanda

Ku Mongue konse kunalibe mkamwini womvera mwambo ngati Hilário. Mkazi wake Armanda akapita kumwezi, mwamunayu ankatsamiritsa njinga pakhonde n'kukhala pakhomo sabata yonse, kuti azimuthirira mchere m'ndiwo, poti mkazi wosamba sakhudza mchere ndipo mwana womutuma panalibe. Mkazi akangoyera, iye uyo pa njinga, wa ku Majaua kukagula nandolo wokagulitsa ku Muloza. Ankabwerako mwezi ukupita kumapeto, kudzadikira mchere wina.

Zaka zinapita, mbereko osaoneka. Malume ake a Armanda, a Custódio, anafika osakhala n'pansi pomwe.

"Tambala wosalira timadyera nsima. Tikakolola pasanaoneke kanthu, mkamwiniyu azipita kwawo."

Armanda sankafuna mwamuna wina. Anamanga nsalu, ulendo wa kuchipatala.

Namwino, mayi wonenepa wosachedwa kuseka, anamupima, sanapeze vuto.

"Tamvera, mana, m'bale wanga. M'mimba mwakomu muli timatumba tiwiri ta mazira. Mwezi uliwonse kamodzi mwa ito kamatulutsa dzira limodzi, chapakati, kusamba kwapita, kwina kusanafike. Dziralo silichedwa, likasowa mlendo limangotha. Nthawi imeneyoyo bambo amakhala kuti?"

"Ku Majaua."

"Nanga ukamasamba?"

"Pakhomo. Amathira mchere."

Namwino anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Epa! Ndiye munthuyu amalondera munda mvula kulibe, mvula ikagwa n'kuthawa ndi mbewu!"

Armanda anabwerera akumwetulira yekha m'njira. Anapeza Hilário akupopa matayala.

"Abambo, mwezi uno mupite ndikakhala kumwezi. Ndikayera ndikupezeni muno."

"Nanga mchere?"

"Adzathira achemwali anga. Dzanja ali nalo."

"Koma nandolo amatchipa pakati pa mwezi, mayi."

"Atchipe. Amalume akakuthamangitsani, kwanu mudzapita naye nandoloyo?"

Hilário anayang'ana pampu, anayang'ana mkazi wake. Armanda sanadikire yankho, anakankha njinga ija mpaka kwa a Custódio.

"Amalume, muziyendera iyi mpaka ndidzaitenge ndekha. Akabwera kudzaipempha, mukane."

A Custódio anakanda kumutu. "Ndiye mkamwini azichita chiyani pakhomo masana onsewa?"

"Zimene munamuitanira m'mudzi muno."

Mkuluyo anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali. "Za kukolola zija tisathamangire," anatero. "Chaka chino chimanga chachedwa."