Gudumu la Sitima

Fakitale itatsekedwa pa 30 Juni 2009, bwana anapatsa antchito khumi ndi awiri mphatso ya matailosi a pakhoma, aliyense imodzi. Akawalumikiza, pankatuluka chithunzi cha sitima yakale ya malasha. Antchitowo anapangana zoti azikumana tsiku lomwelo chaka chilichonse pakantini ya pageti, kuti sitimayo izikhala yathunthu.

Mu 2022 anabwera atatu. Mu 2023 mlonda, mmodzi wa antchito aja, anafika yekha 10 koloko, tailosi yake ya gudumu ataikulunga m'thaulo.

"Anzanu aja ali kuti, madala? Sitima yawasiya?" anafunsa mayi wa pakantini.

"Inganyamuke bwanji, mayi, gudumu lili ndi ine?"

Itakwana 4 koloko popanda wina wofika, mlondayo anaika tailosiyo pamalo pake, pakona ya tebulo, n'kuitanitsa kapu imodzi ya tiyi.